Mwana wamng'ono akasintha khalidwe chifukwa cha za m'nyumba: zomwe mungachite

Ndimalera ana a zaka 3 mpaka 5 pa sukulu ya mkombaphala, ndipo ntchito imeneyi imandidziwitsa za m'nyumba za anthu popanda kufunsa. Mwana amene ankasewera bwinobwino ndi anzake akayamba kuluma, kapena amene anasiya kalekale kudzikodzera akayambiranso, nthawi zambiri kunyumba kwachitika kanthu. Makolo akabwera amati, "Aphunzitsi, mwanayu wayamba mwano, muzimukwapula." Ena amati watengera kuchimuna. Amayi olera okha ana amafika atagonja kale: "Nanga si alibe bambo." Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa amaweruza mwana asanakule n'komwe. Ana ambiri ovuta amene ndawalerapo amachokera m'nyumba zomwe muli bambo ndi mayi koma usiku uliwonse muli nkhondo, ndipo ndili ndi ana odekha amene akuleredwa ndi mayi yekha wogulitsa tomato, kapena ndi agogo. Mwana wamng'ono amafuna kudziwa kuti akuluakulu amene amawadalira ali bwino, komanso kuti mawa zinthu zidzayenda monga zayendera lero. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pamenepo.

Yambani ndi thupi, kenako mufunse kuti zinayamba liti

Musanaganize zambiri, mugwireni pamphumi. Mwana amene malungo akumuyamba, khutu likumuwawa, ali ndi njoka zam'mimba kapena wagona ndi njala amalusa ndithu, ndipo satha kunena chomwe chikumupweteka. Pitani naye kusikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Kumbukiraninso kuti mwana wa zaka 2 kapena 3 kukana chilichonse ndi kudzigwetsa pansi pagolosale chifukwa cha switi ndi msinkhu chabe, zimatha. Chomwe tikuyang'ana pano ndi kusintha, mwana amene mwezi wathawu sanali chonchi.

Thupi likakhala bwino, khalani pansi mudzifunse kuti zinayamba sabata iti. Kodi ndi pamene bambo anachoka? Pamene munasamuka chifukwa cha lendi? Pamene munayamba kugona wina pabedi wina pamphasa? Pamene kunabadwa mng'ono wake? Makolo ambiri ndikawafunsa funso limeneli amayamba akhala chete, kenako amadziyankha okha.

Ana ena nkhawa yawo imaonekera poyera: kumenya anzawo, kuluma, kuswa zinthu, kukana kumvera. Ena imawadyera mkati: amangoti zii, amakakamira chitenje cha mayi, amadandaula m'mimba m'mawa uliwonse, amadzidzimuka usiku. Pali gulu lachitatu lomwe timaliyamikira molakwa, mwana wa zaka 5 amene amathamanga kukapukuta misozi ya amake, amasesa osatumidwa bambo akangofika, amaseketsa anthu pamene nkhope zauma. Timati ndi wanzeru. Mwana ameneyo wasenza ntchito yoyanjanitsa makolo, ndipo imamulemera.

Mukafuna kudziwa zomwe mwana wamva, mumvetsereni pamasanje. Tsiku lina ndinaima pafupi ndi kamtsikana ka zaka 4 kakugawa maudindo kwa anzake. "Iwe ukhale bambo, upite, ubwere usiku. Ine nditseka chitseko." Mnyamatayo atagogoda pakatoni, iko kanagwira m'chiuno n'kukuwa, "Bwererani komwe mwadyera ndalamako!" Kenako kanatembenukira chidole chake chadongo n'kuchiomba mbama: "Nawenso khala chete!" Mawu onsewo anali a munthu wamkulu, mpaka kapumidwe kake. Ndipo taonani amene analandira mbama: chidole, chomwe sichinalakwe kanthu. Umu ndi mmene zimayendera m'nyumba zambiri, mkwiyo wa pakati pa akulu umatsikira kwa wamng'ono.

Ngati muli awiri ndipo mumakangana

Palibe banja losakangana, ndipo sindikunena kuti musamasiyane maganizo. Akatswiri awiri a ku America, E. Mark Cummings ndi Patrick Davies, afufuza kwa zaka zambiri mmene ana amamvera makolo akamakangana. Mu 1994 anafotokoza kuti mwana amadalira ubale wa makolo ake kuti adzimve wotetezeka. Ubalewo ukagwedezeka amakhala mtima uli m'mwamba, ndipo mphamvu zomwe akanasewerera ndi kuphunzirira zimathera pa kulondera makolo. Chomwe chimamuvulaza kwambiri ndi mtundu wa mkangano: kutukwanana, kuopsezana kuti ndikusiya, kumenyana, ndi kunyanyalitsana. Mkangano woti anthu atsutsana mwaulemu mpaka kugwirizana, mwana amaupirira.

Musadzinamize kuti wagona. Mu 2013 ofufuza a pa yunivesite ya Oregon ku America anajambula ubongo wa makanda 20 a miyezi 6 mpaka 12 ali m'tulo, uku akuwamvetsa mawu a mwamuna wolankhula mwaukali. Ubongo wa makanda ochokera m'nyumba za mikangano yambiri unkatekeseka kuposa wa anzawo. Ngati khanda lili m'tulo likumva, nanga wa zaka 4 amene wangotsinzina kuseri kwa katani m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi?

Choyamba kuchita ndi kupangana, tsiku lomwe muli pamtendere, mawu oimitsira mkangano ana akakhalapo. Akhale achidule: "Tikambirana ana akapita kusukulu." Wonena mawuwo ndiye ali ndi udindo woyambitsanso nkhaniyo tsiku lisanathe, apo ayi mnzake adzaona kuti ndi njira yothawira, ndipo ulendo wina sadzamvera. Malo okambirana sasowa: panjira yopita kudimba, m'mawa ana atachoka, ngakhale kuseri kwa nyumba.

Musamutume mwana pa nkhondo yanu. "Kawauze bambo akowo kuti ndiwo kulibe." "Kawafunse amako kuti dzulo anali kuti." Mwana akanyamula uthenga wotere amalandira nkhope yokwiya ya amene wamufikira, ndipo amaona ngati wakwiyiridwa ndi iye. Musamusandutsenso kazitape womufunsa kuti bambo amalankhula ndi ndani pafoni. Kunyanyala nakonso musakuyese mtendere. Nyumba yomwe anthu atha masiku anayi osalankhulana, mbale zikungogunda, mwana amaimva bwino lomwe, ndipo imamuopsa chifukwa sadziwa kuti chiphulika liti.

Chachikulu kuposa zonse, chomwe makolo ambiri amachiphonya, ndi ichi: mwana aone kuti mkangano watha. Timakangana poyera, koma timagwirizana usiku kuchipinda, ndiye mwana amangoona nkhondo, mtendere osauona ukubwera. Kafukufuku wa Cummings uja anaonetsa kuti ana akaona akuluakulu akugwirizana, nkhawa yawo imatsika kwambiri. Choncho m'mawa mwake chitani dala zoti aone. Patsanani moni momveka, "Mwadzuka bwanji amake mwana?" Thiriranani madzi osamba m'manja, idyani pamodzi. Kenako mmodzi wa inu anjute kuti maso ake alingane ndi a mwanayo, n'kumuuza kuti: "Dzulo unamva ine ndi bambo ako tikukuwa. Tinakwiyitsana pa nkhani ya akuluakulu. Iwe sunalakwe chilichonse. Takambirana, zatha." Mawu oti "sunalakwe" musawasiye. Ana a msinkhu uwu amaganiza kuti zonse zimachitika chifukwa cha iwo, moti amene anataya phala madzulo amakhulupirira kuti phala lija ndilo ladzetsa phokoso. Ngati nkhaniyo sinathe, musamunamize. Nenani kuti, "Tikukambiranabe, ndipo ndi ntchito yathu, osati yako." Zifukwa za mkanganowo, za ndalama kapena za chibwenzi, musamufotokozere.

Mikangano yomwe imamuluma mwana kwambiri ndi yokhudza iyeyo. Mayi akaletsa, bambo asaloleze pamaso pake, ndipo bambo akadzudzula, mayi asanene kuti "asiye amenewo." Ngati mukuona kuti mnzanu walakwitsa, mukamuuze paseri, pokhapokha ngati akumuvulaza mwanayo, pamenepo lowererani nthawi yomweyo. Panganani malamulo ochepa, atatu akwana, monga kusamenya, kusamba m'manja asanadye, ndi nthawi yogona.

Mukangotha kukangana, musagwire mwana. Katungeni madzi, sesani pabwalo, mtima utsike kaye. Kulakwa komwe dzulo munangokuseka, lero kukhoza kumudyetsa ndodo chifukwa cha mkwiyo womwe si wake.

Ankhoswe aitaneni nkhani ikadali yaing'ono, osadikira kuti katundu amangidwe. Pofotokoza musangotchula zolakwa za mnzanu, nenaninso zomwe zikumuchitikira mwana: wayambiranso kukodza pogona, akumenya anzake kusukulu. Ndaona abambo ouma mtima akufewa atamva zimenezi kuchokera kwa nkhoswe yawo. Tsiku la zokambiranalo ana apite kwa anansi.

Pamene pali kumenya

"Banja ndi kupirira" ndi mawu omwe tonse tinauzidwa pachilangizo, ndipo pa umphawi, matenda ndi zofooka za mnzako ndi oona. Pa zibakera si oona. Paul Amato ndi Alan Booth, amene anatsatira mabanja a ku America kuyambira 1980, anapeza kuti ana a m'mabanja a mikangano yoopsa ankakula bwinoko makolo akasiyana kusiyana ndi akakhalabe limodzi. Anapezanso kuti ana amene kutha kwa banja kunawapweteka kwambiri anali a m'mabanja omwe munalibe mikangano yaikulu. Ine ndimamva mbali zonse ziwiri: banja lomwe langozizira musafulumire kulithetsa, yesani kulikonza, koma banja lomwe mukumenyedwa musanene kuti mukukhalira ana.

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kupitiriza nkhanzazo, ngakhale kumutulutsa m'nyumba. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116, yothandiza ana, ndi yaulere. Kabuku ka kusikelo ka mwana, chiphaso chanu cha unzika ndi kandalama pang'ono zisungitseni kwa mnansi wodalirika. Mwanayo muuzeni kothawira: "Ukamva phokoso usalowe pakati, thamangira kwa azakhali."

Ngati mukulera nokha

Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo (MDHS) wa 2015-16 anapeza kuti pafupifupi nyumba 3 mwa 10 zilizonse m'Malawi muno mutu wake ndi mayi. Ena banja linatha, ena amuna anamwalira, ena mimba inakanidwa, ena amuna ali ku Joni chaka chachisanu. Aliponso abambo olera okha, ndipo zonsezi zikuwakhudza.

E. Mavis Hetherington anatsatira mabanja pafupifupi 1,400 a ku America kwa zaka pafupifupi 30. Ana 20 mpaka 25 mwa 100 a m'mabanja otha anali ndi mavuto aakulu a khalidwe kapena a maganizo, pamene m'mabanja osatha anali 10 mwa 100. Chiopsezo chilipo, sindibisa. Koma ana 75 mpaka 80 mwa 100 anakula bwino, ndipo zaka 2 zoyambirira banja litatha ndizo zinali zowawa kwambiri. Sara McLanahan ndi Gary Sandefur mu 1994 anaonetsa kuti pafupifupi theka la kutsalira kwa ana oleredwa ndi kholo limodzi kumabwera chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Kuno ndikuona zomwezo. Mayi amene wadzuka 4 koloko kukapikula, wayenda tsiku lonse ndi beseni pamutu, wabwera lendi isanakwane, sangakhale ndi mtima woleza pamene mwana akulira chifukwa chofuna kapu yofiira osati yobiriwira.

Ndiye yambani ndi ndalama, ndipo musachite nazo manyazi. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana aliyense ayenera kulandira chisamaliro kuchokera kwa makolo ake, kaya ali pabanja, sanakwatirane kapena anasudzulana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kukapempha kukhoti kuti kholo linalo lizipereka chithandizo. Kukambirana kwa ankhoswe kukakanika, pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya, Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira anthu otere. Ndalamazo zizidzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pazikhala umboni komanso kuti musamakanganirane pakhomo mwana akuona. Abambo anzathu, ndalama imeneyi si mphatso kwa mkazi amene munasiyana naye, ndi phala ndi nsapato za mwana wanu. Amayi, ngati bamboyo si woopsa kwa mwana, musamuletse kumuona chifukwa choti mwezi uno sanatumize. Ngongoleyo itsateni kwa ankhoswe kapena kukhoti.

Muuzeni mwana zoona, mwachidule. "Ine ndi bambo ako sitizikhalanso nyumba imodzi. Iwe uzikhala ndi ine, Loweruka uzipita kwa bambo. Tonse timakukonda." Adzafunsanso mawa ndi mkuja, muzimuyankha chimodzimodzi. Musanene kuti "apita kumsika, abwera," chifukwa adzakhala pakhomo madzulo aliwonse kudikira, ndipo akadzazindikira adzasiya kukhulupirira mawu anu. Ngati ndi imfa, nenani kuti amwalira ndipo sabweranso. Mukati agona, mwana amayamba kuopa tulo. Mukati apita ulendo, amaopa inu mukangonyamula chikwama.

Kholo linalo musalinyoze mwana akumva, ngakhale litalakwa chotani. "Wangofanana ndi bambo ako, wopanda pake." Mwana amadziwa kuti anachokera kwa onse awiri, ndiye mukanyoza bambo ake amamva kuti naye ndi wopanda pake, ndipo ena amayamba kuchita zomwe mwawanenerazo. Agogo ndi azakhali auzeninso zimenezi, chifukwa nthawi zambiri iwo ndiwo amalankhula kwambiri.

Lonjezo losakwaniritsidwa limasokoneza mwana kuposa kusabwera. Ndaonapo mnyamata atavala malaya ake a kutchalitchi kuyambira m'mawa chifukwa bambo anati abwera, ndipo Lolemba anafika kusukulu akumenya aliyense. Ngati bamboyo ndi wosadalirika, musamuuze mwana mpaka atakuimbirani kuti ali m'njira. Amene muli ku Joni, sankhani tsiku limodzi ndi nthawi imodzi, monga Lamlungu masana, muziimba pa WhatsApp osaphonya. Mphindi 5 sabata iliyonse zimaposa ola lathunthu kamodzi pa miyezi itatu. Foniyo ikhale ya mwana. Za ndalama muimbirane padera.

Tsiku la mwana likhale ndi nthawi zitatu zosasuntha, ngati mafuwa omwe mphika umakhazikikapo: kudzuka, chakudya chamadzulo, ndi kugona. Zina zonse zitha kusokonekera. Pogona pazikhala dongosolo lomwelomwelo, kusamba, pemphero kapena kanthano, kenako kuzimitsa nyali. Ana a zaka 3 mpaka 5 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 patsiku, ndipo ambiri amene amandivuta m'mawa ndi amene anagona 11 koloko akuonera filimu pafoni.

Pezani wamkulu wina wokhazikika m'moyo wa mwanayo. Kwa ife a chikamwini izi si zachilendo, malume ndiye mwini mbumba kuyambira kale. Koma popempha musangoti "muzindithandizako." Tchulani: "Achimwene, Lachitatu madzulo muzimutenga akaonere mpira." "Amayi, Loweruka azigona kwanu kuti ndipumeko." Ngati zafika poti mwana akakhale kumudzi kwa agogo, muuzeni pasadakhale, mumuperekeze nokha, mutsanzikane naye ngakhale alire. Kuzemba ali m'tulo kumakupepukirani inuyo, koma iye amadzuka ataphunzira kuti munthu akhoza kungosowa, ndipo akadzabwerera sadzakulolani kupita ngakhale kubafa.

Mukapeza bwenzi latsopano musafulumire kulibweretsa kunyumba. Musamukakamize mwana kunena kuti bambo kapena mayi, mlendoyo asayambe ndi kulanga, ndipo musamusiyire mwana yekha musanamudziwe bwino. Inunso dziyang'aneni. Ngati papita masabata mukulephera kugona, chakudya sichikulowa, mukungolira kapena mwana akakuitanani simukumva kanthu mumtima, pitani kuchipatala mukafotokoze. Matenda a maganizo ali ndi chithandizo, ndipo mwana amachira msanga kholo likachira.

Khalidwe lenilenilo mulichite bwanji

Katswiri wa za khalidwe la ana, Gerald Patterson wa ku Oregon, anafotokoza mmene kholo ndi mwana amaphunzitsirana ukali. Mayi akuti sonkhanitsa zidole, mwana akukana, mayi akukuwa, mwana akukuwa koposa n'kudzigwetsa, mayi watopa wasonkhanitsa yekha. Mwana waphunzira kuti kukuwa kumagwira ntchito. Tsiku lina mayi amenya, mwana amvera, mayi naye waphunzira kuti kumenya kumagwira ntchito. Mawa onse awiri ayambira pamwamba. Kholo lotopa ndi mikangano kapena lolera lokha limagwa mumsampha umenewu mosavuta.

Njira yotulukira imayamba ndi chinthu chomwe chimaoneka chosagwirizana ndi vutolo. Pulogalamu ya Parenting for Lifelong Health, yomwe inayesedwa ku South Africa ndipo mabungwe a WHO ndi UNICEF amatengapo mbali, imayamba ndi kuphunzitsa makolo kupatula nthawi yochepa tsiku lililonse ya mwana yekha. Mphindi 5 zikwana. Foni ikhale patali, asankhe yekha masewero, kaya ndi galimoto yamawaya kapena kuphika dothi m'zitini, inu muzingotsatira n'kumanena zomwe akuchita: "Wathira madzi, tsopano ukutakasa." Osamuphunzitsa, osamufunsa mafunso, osamukonza. Ndipo nthawi imeneyi musamulande ngati chilango, ngakhale tsiku lomwe wavuta kwambiri. Mwana amene akudziwa kuti nthawi yake ilipo safunika kuswa kapu kuti mumuyang'ane.

Yamikirani chabwino nthawi yomweyo, motchula: "Wachita bwino kumugawira mng'ono wako chigumu." Polamula muyandikireni, mutchule dzina, mumuyang'ane m'maso, munene chinthu chimodzi chomwe mukufuna achite. "Ika nsapato pakhomo" imamveka kuposa "usamangotaya zinthu paliponse." Kung'ung'udza ndi kudzigwetsa, ngati sakudzivulaza, musakulabadire, akangotonthola mutembenukireni. Akamenya kapena kuluma, mugwireni dzanja, nenani motsitsa mawu kuti "sitimenya," mumuchotse pamasewerowo akhale pambali panu kwa mphindi zochepa, kenako abwerere. Chilango chikhale chaching'ono, cha nthawi yomweyo, ndipo chomwe mwanena muchichite. "Bambo ako akabwera uona" sichithandiza mwana wa zaka 3, amene pofika madzulo waiwala kale chomwe analakwa. Zomuopseza kuti mumusiya, mumupereka kwa apolisi kapena mumutumiza kwa bambo ake zisiyeni, chifukwa kusiyidwa ndiko akuopa kale.

Za ndodo ndikudziwa kuti ambiri sitigwirizana. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa ana ndi amayi (MICS) wa 2019-20 anapeza kuti ana pafupifupi 8 mwa 10 a zaka 1 mpaka 14 m'Malawi amalangidwa mwankhanza, pomenyedwa kapena kukalipiridwa moopsa. Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaphatikiza kafukufuku wokhudza ana oposa 160,000, ndipo anapeza kuti ana okwapulidwa amakonda kukhala aukali ndi osamvera kuposa anzawo. Kwa mwana amene akuona kale akuluakulu akumenyana, ndodo imangotsimikizira kuti wamphamvu amamenya wofooka, ndipo mawa amakachita zomwezo kwa mnzake wochepa thupi.

Mukayamba njira zimenezi, sabata yoyamba mwana akhoza kuvuta koposa, chifukwa akuyesa ngati kukuwa kuja kwasiyadi kugwira ntchito. Musabwerere m'mbuyo. Aphunzitsi ake auzeni mwachidule kuti kunyumba zinthu zasintha, simukuyenera kufotokoza zonse, kuti nawo azichita mofanana ndi inu.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu popanda kusintha kulikonse, pitani kuchipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi woona za maganizo, kapena ku Social Welfare. Musadikire n'komwe ngati mwana akudzivulaza, akuzunza ziweto, wasiya kulankhula pamene ankalankhula, akuwonda, akuchita masewero a zogonana osayenera msinkhu wake, kapena akuopa kwambiri munthu wina wake. Zizindikiro ziwiri zomalizazi zikaoneka, musamufunse mafunso ambirimbiri ndipo musayambe mwakakumana ndi amene mukumuganizirayo. Muchotseni mwanayo pafupi ndi munthuyo, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muimbe 116.